KUKWERA PHIRI LA MULANJE M'NYENGO YACHISANU

Phunziro kwa amene sanakwerepo

Ife a pa Mulanje Mission tikangotuluka m'kalasi ndi kukweza maso, chinthu choyamba kuchiona ndicho phiri. Talizolowera kotero kuti ambiri a ife sitiliyang'ananso. Alendo amachokera kumaiko akutali, nataya ndalama zambiri kuti adzaponde pamwamba pake, koma ife amene timamwa madzi ake tsiku ndi tsiku sitinafikepo ngakhale pa Chambe pomwe. Ine ndinali mmodzi wa anthu otere kufikira mwezi wa July chaka chatha, pamene aphunzitsi athu a Geography anatenga ana 8, anyamata 5 ndi atsikana 3, kupita nafe kuphiri. Ulendo unali wa masiku 4, koma unasanduka wa masiku 5.

Tsono popeza ndamva kuti anzathu a Fomu 2 ali kukonzekera ulendo wawo, ndaganiza zowalembera zimene ndinaphunzira. Zina ndinaphunzira kwa aphunzitsi, zina kwa bambo amene anatitsogolera, koma zina ndinaziphunzira ndi thupi langa lomwe, pakuti ndinachita chinthu chopusa chimene chikanadzetsa maliro pasukulu pano. Akulu amati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

1. Phiri lake ndi lotani

Tikaliona kuno kumunsi timayesa kuti ndi khoma limodzi lalitali. Si tero ayi. Mulanje ndi dziko lina lokhala pamwamba pa dziko. Munthu akakwera khoma lija amapeza zigwa zazikulu za udzu, monga Chambe, Lichenya, Thuchila ndi Sombani, zimene zili pa mamita ngati 2,000 kuchokera pa nyanja yamchere. Pakati pa zigwazo pamatulukanso nsonga zambiri za thanthwe lokhalokha. Nsonga yoposa zonse ndiyo Sapitwa, ya mamita 3,002, ndipo m'Malawi monse mulibe malo okwera kuposa pamenepo. Phiri lonse m'litali ndi makilomita ngati 26, m'lifupi makilomita ngati 22.

Akatswiri a miyala amati zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo thanthwe losungunuka linakwera kuchokera pansi pa dziko, niliuma lisanatulukire kunja. Miyala yofewa imene inalikuta inakokoloka pang'onopang'ono, ndipo cholimba chimene chinatsala ndicho tichionachi. N'chifukwa chake m'mbali mwake muli maphompho oongoka. Khoma la Chambe loyang'ana kumadzulo ndi lalitali mamita ngati 1,700. Sungani mawu awa, pakuti tidzawafunanso m'tsogolomu: mitsinje ya pamwambapo, Likhubula, Lichenya, Ruo ndi Thuchila, potsika imadzera m'maphompho ndi m'mathithi.

Boma linaika phirili kukhala nkhalango yotetezedwa mu 1927. Mu July 2025 bungwe la UNESCO linalilemba pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi, chifukwa cha miyambo ya Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe amene amalilemekeza monga mokhala mizimu ya makolo.

2. Bwanji kukwera nthawi yachisanu?

Wina angafunse kuti, "Ngati kumtundako kumazizira, bwanji osadikira dzinja kapena mwezi wa October?" Yankho lake nali. M'dzinja mitsinje imadzaza mosachenjeza, matanthwe amakhala ndi ndere, ndipo nthaka imagumuka. Tonse tikumbukira zimene namondwe Freddy anachita mu March 2023, pamene madzi, matope ndi miyala zinatsika m'mapiri ndi kuononga midzi. Mu October dzuwa limaswa mtengo, ludzu limavuta, ndipo utsi wa moto wolusa umaphimba dziko kotero kuti suona patali. Koma kuyambira May kufikira August mitsinje yaphwa, njira zauma, ndipo kukacha bwino maso amafika kutali ndithu, mpaka ku nyanja ya Chilwa ndi kumapiri a ku Mozambique. Ngakhale mpikisano wa Porters' Race, umene anyamata ndi atsikana a kuno amathamanga kuchokera ku Likhubula kudzera ku Chambe ndi Lichenya, umachitika nyengo yomweyi.

Kumaiko ozizira, kukwera mapiri m'chisanu ndi ntchito ya zida. Ku Scotland, kumene kunachokera amishoni amene anayambitsa mishoni yathu ino, phiri lawo lalitali ndi Ben Nevis, la mamita 1,345 okha, losafika ngakhale theka la Sapitwa. Komatu m'nyengo yachisanu limakutidwa ndi chipale chofewa, ndipo wokwera amanyamula kankhwangwa kobayira madzi oundana, namanga zitsulo za mano kunsi kwa nsapato. Ife zimenezo sitizifuna. Chipale chofewa chimagwa mwa kamodzikamodzi pa Mulanje. Chambiri chotsala pansi chinaoneka mu June 1954. Mdani wathu ndi wina, wosaoneka woopsa, ndipo chifukwa cha chimenecho amanyenga ambiri.

3. Masamu a kuzizira

Tengani pensulo. Tinaphunzira m'kalasi kuti munthu akakwera mamita 1,000, kutentha kwa mpweya kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6.5. Kuno kumunsi tili pa mamita ngati 700. Kuchoka pano kufika pa Sapitwa ndi mamita 2,300. Mukachulukitsa mupeza kusiyana kwa madigiri pafupifupi 15. Tsono tiyerekeze m'mawa wina wa June, pamene pano pali madigiri 12 ndipo tonse tili kudandaula popita kukasamba. Nthawi yomweyo pa Sapitwa pali madigiri 3 kunsi kwa ziro, ndiye kuti madzi aundana.

Koma masamuwa sanathe. Pali zinthu zina 2 zimene zimaba kutentha kwa thupi. Choyamba ndi mphepo. Thupi limafunditsa kampweya kamene kali pafupi ndi khungu, ndipo mphepo ikaomba imachotsa kampweyako, thupi n'kuyambanso kufunditsa kena. Chachiwiri ndi madzi. Chovala chonyowa chimatulutsa kutentha kwa thupi msanga koposa chouma, monga momwe mtsuko wonyowa kunja umaziziritsira madzi a m'kati. Kuzizira, mphepo ndi kunyowa zikakumana, munthu angathe kufa ngakhale madzi asanaundane.

Chimene chimasonkhanitsa zitatuzi ndicho chiperoni. Dzinali linachokera ku phiri la Chiperone la ku Mozambique, pakuti mitamboyo imadzera mbali imeneyo. Ndi mpweya wozizira ndi wachinyontho wochokera ku nyanja ya Indian Ocean, umene mphepo ya mwera imaukankhira kuno. Ukagunda phiri umakwera, nuzizira, nusanduka nkhungu ndi mawawa. Kuno kumunsi chiperoni chimangotilepheretsa kuyanika zovala, ndipo eni minda ya tiyi amakondwera nacho. Koma kumtunda chimafika m'mphindi zochepa, chimabisa njira, ndipo chikhoza kukhala masiku angapo osachoka.

4. Zovala ndi katundu

Musadandaule kuti mulibe ndalama zogulira zovala za alendo zija. Zonse zofunika zimapezeka pa kaunjika pa Chitakale kapena pa Boma, ndipo zina mukhoza kubwereka. Lamulo lake ndi ili: zovala zopyapyala zingapo zimaposa chovala chimodzi chochindikala, chifukwa pakati pa chovala ndi chinzake pamakhala mpweya wofunda, ndiponso mukhoza kuvula chimodzi mukatenthedwa ndi kuvalanso mukaima.

Chapakhungu chikhale malaya a mpira aja osasunga thukuta. Pamwamba pake juzi la ubweya, pakuti ubweya umafundabe ngakhale utanyowa. Kunja kwenikweni jekete yotchinga mphepo ndi mvula. Thonje ndi labwino kuno kumunsi, koma kuphiri likanyowa limamatirira pakhungu ndipo siliuma. Jinzi ndiye woipitsitsa. Tengani chipewa chofunda chophimba makutu, magolovesi kapena masokosi ovala m'manja, ndi masokosi ena ouma ogonera. Nsapato zikhale zolimba kunsi ndiponso zimene mapazi anu anazizolowera. Nsapato yatsopano imatulutsa matuza tsiku loyamba lomwe.

M'chikwama muikemo izi: gombeza kapena awiri, tochi ndi mabatire ena apadera, machesi okulungidwa m'pulasitiki, wenzulo, botolo la madzi, mpeni, bandeji, pulasitala, ndi majumbo aakulu 2. Jumbo lina muikemo zovala zouma, lina lingokhala, ndipo mudzamva ntchito yake. Kamba akhale wopepuka koma wopatsa mphamvu: ufa, usipa, mtedza wokazinga, chigumu, mbatata, tiyi ndi shuga wambiri. Muonjezepo chakudya cha tsiku limodzi loposa masiku amene mwakonza. Foni itengeni, koma musaidalire, pakuti malo ambiri kumtunda kulibe netiweki, ndipo batire limatha msanga m'chisanu.

Musanapite, konzani miyendo. Ife tinkayenda Loweruka lililonse kwa mwezi wathunthu m'misewu ya m'minda ya tiyi, titabereka zikwama za mabuku. Anzathu ankatiseka, koma pa chikweza cha tsiku loyamba tinathokoza.

5. Mtsogoleri, njira ndi nyumba

Ulendo wa oyamba uyambire ku Likhubula, kumene kuli ofesi ya za nkhalango. Kumeneko mumalembetsa maina, mumanena njira imene mudzere ndi tsiku lobwerera, mumalipira, ndipo mumapeza mtsogoleri wodziwika. Musaone ngati kutaya ndalama. Safunsa anadya phula. Kubadwira m'tsinde mwa phiri sikudziwa phiri.

Kuchokera ku Likhubula kupita ku Chambe kuli njira 2. Ya Skyline ndi yachidule koma yoimirira. Ya Chapaluka imatsata mtsinje m'nkhalango, ndipo imadzera pafupi ndi mathithi a Dziwe la Nkhalamba. Pamwamba pali nyumba zogonamo apaulendo: Chambe, Chisepo, Thuchila, Chinzama, Sombani, Madzeka, Minunu ndi Lichenya, ndiponso kanyumba ka mpingo wa CCAP pa Lichenya pomwepo. Bungwe la Mountain Club of Malawi, limene linayamba mu 1952, lathandiza kwambiri kusamala nyumbazi. Pa nyumba pamakhala mlonda amene amathandiza nkhuni ndi madzi, koma chakudya ndi zofunda n'zanu. Mukasonkha moto m'nyumba, usonkheni pa malo ake a chumuni. Musagone ndi mbaula ya makala m'chipinda chotseka, pakuti mpweya wa makala umapha munthu ali m'tulo.

Poyenda, wofooka ndiye akhale patsogolo pambuyo pa mtsogoleri, ndipo wamphamvu atsekere kumbuyo. Pasakhale wotsogola yekha kapena wotsalira yekha. Yendani pang'onopang'ono kuti musatuluke thukuta lambiri. Idyani pang'ono pafupipafupi, ndi kumwa madzi ngakhale mulibe ludzu. Kumbukiraninso kuti mu June ndi July dzuwa limalowa itangopitirira 5 koloko, ndipo likangolowa chisanu chimagwa nthawi yomweyo. Lawirirani m'mamawa, ndipo mupangane ola lobwerera musananyamuke. Olalo likakwana, bwererani, kaya mwafika kaya simunafike.

Ndiponso ndinene mosabisa: woyamba sayenera kuthamangira Sapitwa. Kugona usiku umodzi pa Chambe kapena pa Lichenya ndi sukulu yokwanira ya chaka choyamba.

6. Zimene zinandigwera

Tsiku loyamba tinadzera Chapaluka, ndipo tinafika pa Chambe titayenda maola 5. Tsiku lachiwiri tinapita ku Chisepo, nyumba ya m'tsinde mwa Sapitwa. Tsiku lachitatu tinadzuka kusanache. Nyenyezi zinali mbuu kumwamba, udzu unali woyera ngati wawazidwa ufa, ndipo madzi amene tinasiya panja m'beseni anali ataundana pamwamba. Tinkawagogoda ndi zala n'kumaseka, pakuti ambiri a ife tinali tisanaonepo zotere.

Aphunzitsi anati aliyense atenge juzi ndi jekete. Ine ndinayang'ana kumwamba, ndinaona kuti kulibe mtambo ndi umodzi womwe, ndipo ndinati mumtima, "Dzuwa likatuluka zimenezi zingondilemetsa." Tsono titayenda pang'ono kuchoka pakhomo ndinanamizira kuti ndaiwala botolo, ndinabwerera, n'kusiya juzi ndi jekete pansi pa gombeza. Ndinatsala ndi malaya athonje, kasiketi kopyapyala ka sukulu pamwamba pake, ndi jinzi. Poti ndinali wotsekera kumbuyo, palibe anazindikira msanga.

Njira ya ku Sapitwa si njira monga tidziwira ife. Ndi matanthwe otsetsereka, pena umakwawa ndi manja, pena umalowa pansi pa miyala ikuluikulu, ukutsata timadontho ta penti yofiira. Pofika 9 koloko malaya anga anali atanyoweratu ndi thukuta. Cha m'ma 10 koloko bambo otitsogolera aja anaima, nayang'ana kum'mwera chakum'mawa. Ifenso tinayang'ana. Mtambo woyera ngati thonje unali kusefukira pa mpata wa mapiri, monga phala losefukira mumphika.

"Aphunzitsi, tibwerere," anatero. "Chiperoni icho."

Ife tinadandaula. "Bambo, chonde, kwatsala pang'ono! Tikauza chiyani anzathu kusukulu?"

Iwo anayankha mofatsa, "Ana anga, Sapitwa sathawa. Chaka chamawa mudzampeza ali pompo. Koma inu mukapitirira lero, sindidziwa ngati chaka chamawa mudzakhalepo."

Aphunzitsi sanatsutse. Tisanatsike ndi pang'ono pomwe, nkhungu inatipeza. Munthu wa mapazi 5 patsogolo pako sunkamuona. Mawawa anayamba, mphepo inalimba, ndipo matanthwe amene tinakwera mosavuta anasanduka oterera ngati sopo. Tinkatsika chokhala pansi, mmodzimmodzi, bambo aja akufunafuna kadontho kofiira kalikonse.

Poyamba ndinanjenjemera mpaka mano kugundana, koma ndinachita manyazi kunena. Kenaka chingwe cha nsapato chinamasuka, ndipo zala zanga zinakana kuchimanga. Ndinagwa kawiri pa malo osayenera kugwa. Pambuyo pake zinthu zinayamba kundikomera mwachilendo: kunjenjemera kunachepa, mantha anatha, ndipo ndinkangofuna kukhala pansi ndi kugona pang'ono. Amene anandipulumutsa ndi mtsikana wina wa Fomu 4. Iye anati, "Aphunzitsi, uyu amalongolola tsiku lonse, koma tsopano wangoti zii. Tamufunsani dzina lake." Anandifunsa, ndipo akuti ndinayankha ngati munthu woledzera.

Bambo aja anatilowetsa pansi pa thanthwe lina lotchinga mphepo. Anandikhazika pa chikwama, anandivula malaya onyowa, ndipo aphunzitsi anavula juzi lawo n'kundiveka. Anaboola jumbo lalikulu lija pa mutu ndi m'manja, nandiveka pamwamba pa juzi. Anandimwetsa tiyi wotentha wa shuga wambiri wa m'fulasiki, ndipo anzanga awiri anandikumbatira uku ndi uku. Patapita ngati theka la ola ndinayambanso kunjenjemera kwambiri, ndipo bambo aja anati, "Eya, wabwerera." Tinafika pa Chisepo 3 koloko, tinapeza alonda atasonkha kale moto.

Tsiku limenelo aphunzitsi sanandikalipire. Anadikira m'mawa mwake, ndipo anangoti, "Iwe, dzulo unayenda ndi juzi langa. Ine ndinayenda ndi chiyani?" Ndinasowa poyang'ana. Pamenepo ndinazindikira kuti kupusa kwa munthu mmodzi kuphiri kumalipiridwa ndi gulu lonse. Chiperoni chinatitsekera m'nyumbamo tsiku lina lathunthu, ndipo ufa wapadera uja, umene tinkanyinyirika nawo pokwera, ndiwo unatidyetsa.

7. Kuzindikira ndi kuthandiza wogwidwa ndi chisanu

Titabwerera ndinafunsa za matendawa. Madokotala amawatcha hypothermia. Thupi la munthu wamoyo limakhala pa madigiri 37. Likatsika kunsi kwa 35, ubongo ndi minofu zimayamba kulephera. Zizindikiro zake zimadza motsatana: kunjenjemera, dzanzi m'zala, kupunthwapunthwa, kulankhula mosamveka, kusokonezeka maganizo, ndi tulo. Kunjenjemera kukaleka munthu akali pozizira, musati wachira. Pamenepo ndiye zafika poipa. Choopsa china n'chakuti wodwalayo sadziwa kuti wadwala. Ndiye chifukwa chake aliyense ayenera kukhala mlonda wa mnzake.

Mukamuona wotere, imani pomwepo. Mubiseni ku mphepo. Asakhale pa thanthwe kapena pa nthaka yonyowa, koma pa chikwama kapena pa udzu wouma. Mvuleni zonyowa, mvekeni zouma, mphimbeni mutu. Fundizani chifuwa ndi mimba poyamba. Ngati ali maso ndipo akhoza kumeza, mpatseni chakumwa chofunda cha shuga. Ngati wakomoka musamuthire kanthu m'kamwa, mnyamuleni mosamala, ndipo anthu awiri odziwa njira akaitane thandizo. Musamutikite miyendo ndi manja mwamphamvu, ndipo musamupatse mowa. Kachasu amanamiza munthu kuti wafunda, pamene ali kutulutsira kunja kutentha kumene kwatsala.

Nanga mukasokera mu nkhungu? Imani, khalani pamodzi, valani zonse muli nazo, ndipo dikirani. Lizani wenzulo kasanu ndi kamodzi pa mphindi imodzi, pumulani mphindi imodzi, bwerezaninso. Chimenechi ndi chizindikiro cha okwera mapiri chopempha thandizo. Ndipo apa ndi pamene tifunanso mawu ndinati musunge aja. Kwina amaphunzitsa kuti wosokera atsate mtsinje, udzamfikitsa kwa anthu. Pa Mulanje musayese. Mtsinje udzakufikitsani pa phompho.

8. Amene sanabwerere

Ndisakuopsezeni chabe ndi nkhani yanga. Ena zinawathera moipa. Mu 1949 mlembi Laurens van der Post anayenda pa phirili pamodzi ndi mnyamata wa za nkhalango, Fred France. Mvula inawapeza kumtunda, ndipo France anakokoloka ndi madzi pooloka mtsinje wodzaza kumbali ya Ruo, nagwera kuphompho. Nkhaniyi ili m'buku lotchedwa Venture to the Interior, m'mene dzina lake linasinthidwa kukhala Vance, ndipo kanyumba kena pa Chambe kamatchedwa France's Cottage. Ameneyu anali munthu wodziwa phiri, wogwira ntchito momwemo.

Mu July 2009 Gabriel Buchmann, mnyamata wophunzira kwambiri wa ku Brazil, anasiya mtsogoleri wake m'njira napitirira yekha ku Sapitwa, atavala zopepuka. Nyengo inasintha. Anthu anamfunafuna masabata pafupifupi 3, ndipo anampeza mu August atafa ndi chisanu. Mu 2017 anatulutsa kanema wa moyo wake, Gabriel and the Mountain.

Agogo anga atamva kuti ndikupita kuphiri anandilangiza za mizimu: kuti ndisatukwane, ndisaloze ndi chala mwachipongwe, ndisapatuke ndekha, ndipo ndikapeza chakudya chokonzedwa m'njira ndisaitane anzanga. Ine mwana wa sukulu ndinaseka chamumtima. Lero sindisekanso. Kaya munthu akhulupirira za mizimu kaya ayi, makolo amene anatcha nsonga ija kuti Sapitwa anali ataona anthu akupita osabwerera, ndipo malangizo awo ndi a mtsogoleri wathu amakumana pa mfundo imodzi: kuphiri munthu apite wodzichepetsa. Mawu a akulu akoma akagonera.

9. Mangawa athu kwa phiri

Potsiriza, kumbukirani kuti ndinu alendo m'nyumba ya eni. Pa Chambe bambo aja anationetsa zitsa zikuluzikulu za mkungudza, nationetsanso timitengo tating'ono tobzalidwa kumene. Mkungudza wa Mulanje, umene akatswiri amautcha Widdringtonia whytei potengera dzina la Alexander Whyte, mwachilengedwe umamera pa phiri lino lokha, ndipo unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lathu mu 1984. Macheka ndi moto zinaumaliza kotero kuti pa kalembera wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha. A Mulanje Mountain Conservation Trust pamodzi ndi anthu a m'midzi yozungulira akhala akubzala ina, koma mkungudza umakula mochedwa, ndipo moto umodzi ukhoza kupsereza ntchito ya zaka zambiri. M'nyengo yachisanu udzu wa kumtunda umakhala utayamba kuuma. Chotero musasonkhe moto pa tchire, musataye chitsa cha machesi, musathyole timitengo, ndipo mapepala ndi mabotolo anu mutsike nawo.

Anzanga a Fomu 2, pitani. Musaope chifukwa cha zimene ndalembazi. Kuona dzuwa likutuluka pa Chambe, mitambo ili kunsi kwa mapazi ako ngati nyanja, ndi chinthu chimene sindingathe kuchilemba m'magazini. Koma pitani ndi mtsogoleri, mverani akati tibwerere, ndipo yang'anirani mnzanu amene wangoti zii. Ine pa Sapitwa sindinafikebe. Ndili kusunga ndalama za ulendo wa July akudzayu, ndipo juzi la ubweya ndagula kale pa Chitakale. Limenelo silidzatsalanso pansi pa gombeza.

Wophunzira wa Fomu 3